Bering'i yomwe inkapsa kawirikawiri

Mu Febuluwale, mvula ikamagwa usiku dzuwa n'kuwala masana, tiyi amaphuka kwambiri kuno ku Thyolo. Mathirakitala amatula masamba mpaka mdima, ndipo makina akangoima maola awiri, masamba amaunjikana n'kuyamba kutentha okha. Nyengo imeneyi ife a kuwekishopu ya fakitale ya tiyi tulo timatiiwala.

Lolemba ndinalandira mtsikana wa chaka chachitatu cha uinjiniya wa makina pa yunivesite ya MUBAS, yemwe anabwera kudzaphunzira ntchito. Inenso ndinadzera momwemo, nthawi imene MUBAS inkatchedwa Poly. Tsiku lomwelo bering'i, chitsulo chothandiza kuti fani yaikulu youmitsira tiyi izizungulira mosakhulana, inapsa, kachiwiri m'mwezi umodzi. Tinaisintha mothamanga, pofika madzulo makina anali atadzuka.

Lachiwiri m'mawa madala athu, fita (mmisiri wokonza makina) yemwe anayamba ntchito ine ndili kupulayimale, anagunditsa nsonga ya sikuludiraiva pachikuto cha bering'i, chigwiriro n'kuchikanikiza kukhutu. Anatsinzina kwa kanthawi.

"Bwana, iyi sifika Loweruka."

Anyamata anati ndi mabering'i achinyengo a masiku ano. Wina anati tiwonjezere girizi, koma madala anakana, poti girizi akachuluka amatenthetsanso bering'i. Mtsikana uja anali chete, akulemba m'kabuku kake. Kenako anafunsa motsitsa mawu kuti, "Nanga mota nayonso ikutentheranji chonchi? Kodi kale inkatero?" Funsolo linandilasa, chifukwa ndine ndinayenera kulifunsa masabata atatu apitawo. Changu chofuna kuti tiyi asawonongeke chinandiphimba m'maso.

Lachitatu, pa nthawi yotsuka makina, tinazimitsa magetsi n'kutseka switchi ndi loko. Mtsikana uja anagwada pafumbi la tiyi, ovolosi ili bii, n'kuyeza mapule onse awiri, mawilo omwe pamadutsa malamba olumikiza mota ndi fani. Anandipempha chojambula cha makinawo, pepala lofiirira lomwe linakhalitsa m'kabati. Pepala likuti pule ya pamota ikhale ya mamilimita 200, koma yomwe inalipo inali ya 250. Itasweka yakale, wina anangoikapo yomwe inapezeka kusitolo.

Masamu ake anawachitira pachikatoni cha bering'i. Mota yathu imazungulira ka 1450 pa mphindi, pule ya fani ndi ya mamilimita 400, ndiye fani imayenera kuzungulira ka 725. Ndi pule yolakwika ija inkapitirira 900. Liwiro la fani likakwera ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, mphamvu yomwe imafuna imatsala pang'ono kuwirikiza kawiri. Malamba atayamba kuterereka, anthu anawakungitsa kwambiri, katundu yense n'kutsikira pa bering'i.

Makolo amandifunsa kawirikawiri ngati mwana wawo angathe uinjiniya wa makina, n'kumandionetsa magiredi a MSCE. Masamu ndi fizikisi n'zofunikadi, popanda izo sukulu yake sungaimalize. Koma ndaonapo anzeru zam'kalasi omwe amanyansidwa ndi oyilo ndipo safuna kuuzidwa kanthu ndi fita wopanda digiri. Chomwe ndimafuna kudziwa n'chakuti: wailesi kapena njinga ikawonongeka pakhomo, mwanayo amaimasula kuti aone chavuta? Akalephera, amabwereranso mawa lake? Amayeza, kapena amangoganizira? Mtsikanayu anayeza pule kawiri asanatsegule pakamwa, ndipo asanandiuze ine anayamba wakaonetsa madala.

Lachinayi linathera posaka pule yoyenera. Tinaipeza ku Limbe, koma bowo lake linali laling'ono, choncho tinalikuza pa lathe, makina osemera zitsulo, mpaka usiku. Lachisanu tinaimanga, tinawongola mapule ndi chingwe kuti ayang'anizane bwino, malamba n'kuwakunga mwa muyeso. Masana ndinakhala ndi anzathu onola marola a makina otchedwa CTC, omwe amadula ndi kupota masamba, limodzi likuzungulira kakhumi pamene linzake lazungulira kamodzi. Mano ake akabuntha, tiyi amatuluka wosaoneka bwino ndipo mtengo umagwa kumsika.

Loweruka m'mawa ndinaika dzanja pamota, inali yofunda chabe. Madala anamvetsera ndi sikuludiraiva yawo ija, kenako anapukuta chigwiriro pamalaya n'kumupatsa mtsikanayo.

"Tamvera, mwana wanga. Usunge kaliridwe kameneka m'mutu. Tsiku lomwe kadzasinthe, udzadziwa."

Iye anaigunditsa pachitsulo, n'kutsinzina monga anaonera.