Mmene Tinayendera Kukafika pa Mathithi a Witpoortjie ku Roodepoort

Mathithi a Witpoortjie ali mkati mwa Walter Sisulu National Botanical Garden, malo aboma osungirako zomera omwe ali ku Roodepoort, pafupifupi makilomita 30 kumadzulo kwa mzinda wa Johannesburg. Kwa ife amene timagwira ntchito kuyambira Lolemba mpaka Loweruka, ubwino wa malowa ndi woti munthu amanyamuka m'mawa wa Lamlungu n'kubwerera kunyumba dzuwa lisanalowe, osapempha tchuthi kwa abwana ndiponso osalipira malo ogona. Ine ndinapitako kumayambiriro kwa mwezi wa May pamodzi ndi mlamu wanga, ana ake awiri, ndi azakhali anga amene anabwera kuchokera ku Mulanje kudzationa.

Nkhani yoyamba kuiganizira ndi ya mayendedwe. Maminibasi opita ku Roodepoort alipo ambiri, koma sakafika pachipata, chifukwa chipatacho chili kumapeto kwenikweni kwa Malcolm Road, m'dera la nyumba zokhazokha lotchedwa Poortview, munthu akapatuka mumsewu waukulu wa Hendrik Potgieter. Popeza tinali ndi munthu wachikulire komanso chikwama cha zakudya, ine ndi mlamu wanga tinasonkherana n'kuitanitsa galimoto pa foni kuchokera ku Mayfair kumene timakhala. Malowa amatsegulidwa 8 koloko m'mawa ndipo amatsekedwa 5 koloko madzulo. Ife tinalawirira kotero kuti sitinapeze mzere pogulira matikiti. Mtengo wolowera umasintha chaka ndi chaka, choncho ndi bwino kuuona kaye pa intaneti, patsamba la SANBI, bungwe lomwe limayang'anira malowa.

Tisanalowe tinawerenga malamulo omwe ali pachikwangwani, ndipo atatu mwa iwo amakhudza mmene munthu angakonzekerere ulendowu ali kunyumba. Kuyatsa moto wootchera nyama n'koletsedwa, motero ife tinali titakazingiratu nkhuku ndi kuphika mpunga usiku wa Loweruka. Kusambira n'koletsedwanso. Lachitatu ndi lomwe anthu ambiri amadabwa nalo: mkatimo mulibe motaya zinyalala, ndipo aliyense amatuluka ndi mafupa, mapepala ndi mabotolo ake. Jumbo imodzi yopanda kanthu ndi yokwanira pa ntchito imeneyi.

Kuchokera pachipata kukafika pamathithi si patali, ndipo njira yake ndi yosalala moti ngakhale mayi wokankha mwana pakangolo amadutsa bwinobwino. Poyamba njirayo imadutsa pakati pa kapinga ndi minda ya zomera za m'dziko muno, kenaka imalowa m'kankhalango kotsatira mtsinje, momwe mitengo italiitali imakumana m'mwamba n'kuphimba dzuwa. M'menemo mpweya umasintha nthawi yomweyo, kumazizira ndipo kumamveka fungo la masamba onyowa. Ana anafuna kuthamanga, koma mlamu wanga anawaletsa kuti tiyendere limodzi ndi azakhali, amene ankaima pafupifupi pamtengo uliwonse kufunsa ngati makungwa ake ali mankhwala. Mkokomo wa madzi tinayamba kuumva mathithiwo tisanawaone.

Madziwo amagwa kuchokera pamwamba pa thanthwe lofiirira lotalika pafupifupi mamita 70. Si madzi ochuluka, ndipo amene anaonapo mathithi a Manchewe ku Livingstonia asayembekezere zofanana nazo. Amatsika mopyapyala ngati ufa wotuluka pachigayo, n'kumwazika pamiyala yakuda ndi ndere asanasonkhane m'kadziwe kapansi. Azakhali anayang'ana kadziweko kwa kanthawi, kenaka anandifunsa kuti, "Mwanawe, madzi onsewa osasambamo munthu ndi mmodzi yemwe?" Iwo anazolowera Dziwe la Nkhalamba kuphiri la Mulanje, kumene achinyamata amadumphira m'madzi tsiku lonse. Ndinawafotokozera kuti mtsinjewu umadutsa m'madera okhala anthu usanafike pathanthwe, choncho madzi ake si akumwa, ndipo miyala ya m'mbali imaterera koopsa. Ndi mtsinje womwewu, wotchedwa Crocodile, umene umakathira m'damu la Hartbeespoort ndipo pomalizira pake madzi ake amakalowa mu Limpopo, yemwe timamuwoloka pa Beitbridge tikamapita kumudzi.

Chimene chinatisunga pamalopo nthawi yaitali ndi ziwombankhanga zakuda, za mtundu wa Verreaux, zomwe zimamanga chisa pathanthwe pambali pa mathithi. Munthu wosadziwa akhoza kubwerera osachiona chisacho, chifukwa kuchokera pansi chimangooneka ngati mulu wa nkhuni wopanikizika pamwala. Chizindikiro chosavuta ndi zitosi zoyera zomwe zathimbirira pathanthwe m'munsi mwake. Tsikulo tinapezapo anthu odzipereka a Black Eagle Project Roodekrans ataimika makina oonera patali, ndipo analola ana kusuzumiramo mmodzimmodzi. Mbalamezi ndi zakuda bii, zili ndi zoyera kumsana, ndipo zikatambasula mapiko zimafika pafupifupi mamita awiri. Chakudya chawo chenicheni ndi mbira za m'matanthwe, koma chifukwa mzinda wadya tchire lozungulira, zimagwiranso nkhanga ndi nkhwali. Yaikazi imaikira mazira awiri, koma kawirikawiri amakula ndi mwanapiye mmodzi yekha, popeza woyamba kuswa amajompha mnzakeyo mpaka kumupha. Azakhali atamva zimenezi anangogwedeza mutu n'kunena kuti, "Alamu, ana anuwa musamawauze zimenezo, angatengere."

Apa ndi pamene nyengo yopitira imafunika kuisankha bwino. Madzi amachuluka m'miyezi ya mvula, kuyambira October mpaka March, koma nthawi imeneyo mvula ya ziphaliwali imakonda kugwa masana, ndipo pamwamba pa phiri si pamalo poti mphezi ikupezerepo. Ziwombankhanga nazo zimakhala pachisa m'miyezi yozizira, pamene madzi ayamba kuchepa. Kwa ine April ndi May ndiyo miyezi yabwino, chifukwa munthu amapeza zonse ziwiri.

Gawo lovuta la ulendowu ndi kukwera pamwamba pa mathithi. Azakhali anatsala pabenchi pansi ndi mwana wamng'ono, ndipo anachita bwino, chifukwa masitepe ake ndi amiyala, osalingana kutalika, ndipo penapake munthu amafunika kugwirira ndi manja. Derali lili pamtunda woposa mamita 1,500 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, choncho wefuwefu amayamba msanga ngakhale kwa munthu woyenda pansi tsiku ndi tsiku. Nsapato zotseka zokhala ndi mapazi okhakhala ndi zofunika, masilipasi ayi, ndipo botolo la madzi lisatsale m'chikwama pansi. Miyala imene tinkapondayo ndi ya mtandadza wa Witwatersrand, womwe golide wake anapezeka mu 1886 n'kubala mzinda wa Johannesburg, golide yemwenso anakoka agogo athu ambiri kubwera kuno pa Wenela. Titafika pamwamba tinaona munda wonse uli pansi pathu, ndi madenga a nyumba atauzinga mbali zonse. Potsika tinayenda pang'onopang'ono kuposa pokwera, chifukwa timiyala tating'ono timagubuduka pansi pa phazi.

Chakudya tinadyera pakapinga, pamthunzi, titayala zitenje ziwiri. Pofika masana anthu anali atachuluka kwambiri ndipo mithunzi yonse yabwino inali itatengedwa. Mwana wamkulu anafunsa kuti Walter Sisulu anali yani, ndipo bambo ake anamuuza kuti anali mtsogoleri wa ANC amene anamangidwa limodzi ndi Nelson Mandela ku Robben Island, natulutsidwa mu 1989, ndipo malowa anapatsidwa dzina lake mu 2004, chaka chimodzi atamwalira. Cha m'ma 3 koloko tinalongedza zinyalala zathu m'jumbo n'kuyamba kulowera kuchipata. Galimoto yobwererera tinaiitanitsa tisanatuluke, chifukwa nthawi yotseka ikayandikira anthu onse amaitanitsa nthawi imodzi, mtengo umakwera, ndipo kudikira kumatalika.