Ulendo wathu wokaona makina a CNC: tsiku limene laputopu inagona pa ntchito

Amene munatsala, lekani kumvera za m'maluwa. A Wapampando andituma kuti ndilembe zonse za ulendo wathu wokaona makina a CNC, makina osema zitsulo oyendetsedwa ndi kompyuta, monga mmene zinayendera.

Mkangano unabuka m'basi tisanafike n'komwe. Mukuwadziwa madala athu aja osasiyana ndi chingwe chachikale cholumikizira kompyuta ndi makina, cha RS-232, m'chikwama. Iwo ankati chingwe chimenechi sichinawagwiritsepo mwala, choncho za netiweki n'zachibwana. Mnyamata wathu uja timangomutcha Injiniya anati ayi, intaneti ya masiku ano imathamanga moti ngakhale Wi-Fi ingayendetse makina osema zitsulo. A Msungichuma atawapempha kuti atsitse mawu, anangokhala ngati akolezera moto.

Ku fakitale anatilandira mayi wina, injiniya weniweni tsopano. Anayamba kutionetsa makina akale amene memori yake ndi yochepa. Pulogalamu ya G-code, malangizo ouza makina mmene asemere, ikakula kwambiri siikwana m'makinamo, ndiye kompyuta imatumiza mizere pang'onopang'ono makinawo akusema. Amisiri amati drip feed. Uthenga umayenda pa liwiro la 9600 baud, ndipo makina akadzaza amatumiza chizindikiro chotchedwa XOFF kuti kompyuta idikire, akafuna mizere ina amatumiza XON. Chingwe chake, cha RS-232 chija, sichifunika kupitirira mamita pafupifupi 15. Madala ankangogwedeza mutu uku akumwetulira, kunyadira kuti zawo zija zikadalipo.

Apa m'pamene Injiniya anadzipereka kuti tiyesere pa laputopu yake. Mayi aja anavomera, namangirira kachitsulo koyeserera. Zinayamba bwinobwino, tizidutswa ta chitsulo tikuthetheka, ife tikujambula. Tili mkati mocheza, sikirini inathima. Laputopu inagona! Makina anamaliza mizere imene anali atalandira kale, kenako mpeni unaima pamalo amodzi ukungozungulira, n'kusiya chipsera pachitsulo. Tonse tinangoti zii. Madala anayandikira, nayang'anitsitsa chipseracho, n'kufunsa mwaulemu wonse: "Mwana wanga, kompyuta yakoyi inagona nthawi yanji dzulo?" A Mlembi anaseka mpaka misozi, kope lawo linagwera pansi. Injiniya anayamba kufotokoza za masetingi osungira batire koma panalibe womumvera.

Chimwemwe cha madala sichinakhalitse. Mayi aja anati, "Bambo, musaseke kwambiri. Njira yanuyi ndi imene yachititsa kuti makina onsewa adalire kompyuta imodzi yosadziwa kuti ikugwira ntchito yofunika." Madala anangokanda kumutu.

M'chipinda cha makina atsopano m'mene nkhani inatsekemera. Kumeneko kontirola, kompyuta yolamulira makina, imalankhula ndi mamota kudzera pa EtherCAT, njira imene kampani ya Beckhoff ya ku Germany inatulutsa mu 2003. Chingwe chake n'chofanana ndi cha netiweki ya mu ofesi, ndipo liwiro lake ndi 100 Mbit/s basi. Injiniya anadabwa, poti laputopu yake yomwe ija imatha kupitirira pamenepo kakhumi. Mayi aja anamuuza kuti liwiro si nkhani. Mota iliyonse imayenera kuuzidwa poti ifike, mwina ka 1,000 pa sekondi imodzi, ndipo uthenga uzifika pa nthawi yake yeniyeni ulendo uliwonse. Pa netiweki ya mu ofesi, uthenga ukatayika umatumizidwanso ndipo palibe amadandaula. Koma pa makina, uthenga wochedwa ndi wopanda ntchito, chifukwa mpeni wadutsa kale. Mamota awiri akasemphana pang'ono pokha, chinthu chofunika kukhala chozungulira chimatuluka chopindika. N'chifukwa chake uthenga umodzi umadutsa m'zipangizo zonse motsatana, chilichonse n'kutengapo zake ndi kuikapo zake uthengawo osaima, ndipo mawotchi a zipangizozo amagwirizana mpaka kusiyana kwake sikufika gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a sekondi. Ine ndinaona kuti apa onse awiri anagonja, ngakhale aliyense akuuza anthu kuti anapambana ndi iye.

Za maphunziro ena, mwachidule: tinamva za PROFINET ndi Sercos zimene zimagwira ntchito yofananayo. Tinaonanso MTConnect, imene inayamba mu 2008, yongowerenga zimene makina akuchita n'kuzionetsa pa sikirini ya mu ofesi, osawalamula. OPC UA, njira ina yopatsirana uthenga pakati pa makina ndi makompyuta, nayonso anaitchula. Anatilangiza kuti netiweki yoyendetsa mamota izikhala payokha, isasakanikirane ndi ya mu ofesi. Zambiri zili m'kope la a Mlembi, masamba amene sanadetsedwe ndi oyilo.

Tikuthokoza mayi aja chifukwa cha kuleza mtima, ndiponso posatilipiritsa chitsulo chija. Zikomo a dalaivala popirira phokoso, a Msungichuma potibweza tonse ndalama zisanathe, ndi achemwali athu aja amene anakumbukira magalasi oteteza maso pamene amuna onse anaiwala. Injiniya, usakhumudwe, dzina lako latsopano loti Tulo silichoka msanga.

Pobwerera tinagwirizana zosonkha kuti tigule timamota tiwiri ndi kompyuta yakale, tiikemo LinuxCNC, pulogalamu yoyendetsera makina a CNC, tiziyeserera tokha. Madala alonjeza kubweretsa zingwe. Amene simunapereke zosonkha za ulendowu, a Msungichuma ali ndi mayina anu.