Loweruka kwa amalume ku Area 25

M'mawa wa lero ndinakwera minibasi ya ku Area 25 pamodzi ndi mwana wanga wamkazi, yemwe wandivutitsa mwezi wathunthu kuti ndimugulire gitala. Ndinaganiza kuti ndisanataye ndalama, akayambe wamuona amalume anga, omwe adapuma pantchito yophunzitsa zoyimbira ku yunivesite ku Zomba ndipo anzawo amangowatchula kuti apulofesa.

Tinawapeza pakhonde akukunga nsambo za bangwe. Titapatsana moni, mwanayo anafunsa mosaopa kuti, "Agogo, kodi upulofesa wa nyimbo umayambira pati?" Iwo anaseka kwambiri, nalowa m'nyumba, n'kutulukamo ndi banjo yakale ya chigubu cha mafuta, yomwe nsambo zake ndi mawaya a buleki ya njinga. Anati yoyamba yonga imeneyo adaipanga akuweta mbuzi, ndipo pamene aphunzitsi a kumishoni ankawaphunzitsa kuwerenga do-re-mi ndi kuliza limba la m'tchalitchi, zala zawo zinali zitazolowera kale kusaka mawu popanda pepala. Za ku koleji ya aphunzitsi, za madigiri ndi za maphunziro a kunja anangozitchula mwachidule, ngati munthu wowerenga masiteji a basi.

Pomwe anachedwapo ndi pa nkhani ya Gerhard Kubik, katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Vienna wobadwa mu 1934, yemwe mu 1967 adakumana ndi Daniel ndi Donald Kachamba akuyimba nyimbo za kwela mu Blantyre. Amalume anati chomwe chimawasangalatsa si mabuku amene munthuyo adalemba, koma kuti adalola kukhala wophunzira wa anyamatawa, a m'mudzi wa Singano ku Chileka, mpaka kuyimba chitoliro cha clarinet m'gulu la Donald. Donald yemweyo adakaphunzitsa ku yunivesite ya UCLA ku Los Angeles mu 1999, asanamwalire mu 2001. Ine ndinali kudziwa dzina la Kachamba chabe, ndipo manyazi anandigwira pang'ono.

Nkhawa yawo, yomwe ndikugwirizana nayo, ndi yakuti m'sukulu za pulayimale nyimbo zidaphatikizidwa ndi magule, zisudzo ndi zojambula m'phunziro la Expressive Arts, kotero ana ambiri amalemba m'kope mayina a kaligo, sansi ndi mangolongondo koma osazigwirapo n'kamodzi komwe. Anayamikira ntchito ya Music Crossroads ku Area 23, kumene achinyamata amaphunzira chida chili m'manja.

Titadya nsima ya chambo, anamupatsa mdzukulu wawoyo banjo ija, namuuza kuti abwerenso Loweruka likudzali atapeza yekha mawu a nyimbo ya fuko pa nsambo imodzi yokha. Za gitala anati tidzakambirana pambuyo pake. Pamene ndikulemba izi nthawi yakwana 9 koloko usiku, ndipo kuchipinda kukumvekabe mzere woyamba womwewo, ukuduka pamalo amodzimodzi.