Mudzi womwe ukudyedwa ndi chigwembe ku Italy

Ine ndinkaganiza kuti zigwembe ndi mavuto a kwathu kokha, kuja mvula ikagwa ya mkokomo munda wa agogo umatsala theka. Ndiye mnzanga amene ndinafikira kwake ku Rome atandiuza kuti mawa tilawire akandionetse Civita di Bagnoregio, tauni yomwe ikugumuka anthu ali momwemo, ndinangoseka, ndimvekere awa akufuna andinamize poti ndine mlendo.

Tinakwera sitima mpaka ku Orvieto, ola limodzi ndi kanthu, kenako basi ya ku Bagnoregio. Mabasi ake ndi owerengeka, ndipo yoyamba inatisiya chifukwa cha ine ndemwe, ndinakakamira kakhofi pa siteshoni. Titafika tinayenda wapansi kudutsa m'tauni mpaka pamalo oonera otchedwa Belvedere, ndipo apa ndinangoti kakasi.

Chigwa chachikulu, zitunda zotuwa zong'ambikang'ambika ngati wina wazikanda ndi zikhadabo, ndiye pakati penipeni kaphiri kamodzi kali njo ngati chulu, pamwamba pake nyumba zamiyala zitapanikizana ndi nsanja ya tchalitchi. Ndiye Civita di Bagnoregio imeneyo. Njira yolowera ndi imodzi basi, mlatho wa simenti wa mamita pafupifupi 300 womwe anaumanga mu 1965, wakale uja asilikali a Germany anauwononga mu 1944 pothawa nkhondo. Galimoto iwalani, umalipira ma euro 5 n'kuyamba kukwera ndi miyendo yako, ndipo chakumapeto mlathowo umaima chilili moti ndinafika pachipata ndili wefuwefu, agogo ena a ndodo atandipitirira kalekale, manyazi ake eti.

Nkhani yonse ili pansi pa mapazi. Pamwamba ndi mwala wofewa omwe eni ake amati tufo, unachokera ku phulusa la mapiri ophulika moto akalekale, omwewonso anasiya nyanja ya Bolsena chapafupi pomwepo. Koma pansi pa mwalawo pali dongo lokhalokha. Mvula ikagwa, komanso timitsinje tiwiri ta m'mbali, Rio Chiaro ndi Rio Torbido, zimakokolola dongo lija pang'onopang'ono, mwala wapamwamba umatsala lendelende wopanda poponda, umayamba ming'alu, tsiku lina gumu! chibenthu chapita kuphompho limodzi ndi khoma la munthu kapena dimba lake. M'mudzimu muli malo osungirako mbiri ya zigumukirezi m'nyumba yakale yotchedwa Palazzo Alemanni, ndinakhalamo nthawi yaitali kuposa mmene ndimaganizira chifukwa mapu akale akuonetsa misewu ndi nyumba pamalo pomwe lero pali mphepo yokha.

Funso langa linali loti nanga anthu anzeru zawo anamangiranji pamalo otere? Koma zaka zoposa 2,500 zapitazo pamene a Etruscan, mtundu wa anthu akale a ku Italy, ankakhazikika pano, kukhala pamwamba pa phompho kunali kudzitchinjiriza kwa adani, ndipo phirilo linali lalikulu, lolumikizana bwinobwino ndi komwe kuli Bagnoregio lero. Anakumba mapanga, manda ndi ngalande zochotsera madzi, kusonyeza kuti vutoli ankalidziwa. Chomwe chinathyola msana wa tauniyi ndi chivomerezi cha 1695. Anthu ambiri anasamuka, pasanathe zaka zingapo episikopi nayenso anasamutsira mpando wake kutsidya, ndipo tchalitchi cha San Donato chomwe chili pabwalo lapakati chinasiya kukhala kathedilo.

Pachipata cha Porta Santa Maria pali mikango yosema yagwira mitu ya anthu m'zikhatho, chikumbutso choti eni mudzi anaukira banja la Monaldeschi la ku Orvieto lomwe linkawapondereza. Akatolika anzanga, Bonaventura Woyera uja wa chipani cha Fransisko amene anamwalira mu 1274 anabadwira momuno, koma mukafuna kuona nyumba yake mupeza kachikwangwani ndi timiyala totsala, yambiri inatsetserekera kuchigwa.

Mlembi wina wa komweko, Bonaventura Tecchi, ndi amene anaipatsa dzina loti la città che muore, tauni yomwe ikufa. Apa ndi pomwe mutu wanga unazungulira. Okhalamo chaka chonse ndi khumi ndi kanthu, amphaka ndiye achuluka kuposa anthu, koma alendo a makamera mlatho wonse thithithi, malesitilanti odzaza, maluwa pakhomo lililonse. Chiyambireni kulipiritsa mu 2013 anthu akungowonjezekera, ndiye imfa yomweyo ndi imene ikubweretsa ndalama zolimbitsira mathanthwe. Penapake zinandinyansa pang'ono, timashopu ta zikumbutso tachuluka ndipo kumamveka ngati uli m'chionetsero osati m'mudzi, mwana wa sukulu sindinamuone olo mmodzi. Mnzanga uja anati ndikanabwera mu June kapena September, pamene amachita mpikisano wa abulu wotchedwa Palio della Tonna kuzungulira bwalo lafumbi lija, ndikanawaona eni ake enieni.

Chakumadzulo magulu a alendo atatsika, ndinatsata kanjira kena mpaka kanangothera pa kampanda kachitsulo, kutsogolo kwake phompho. Panali sitepe imodzi yamwala yosalala chifukwa chopondedwa zaka zambirimbiri, yoloza kunyumba yomwe kulibe. Mphaka wina anagona pomwepo akuwothera dzuwa, ine mawondo ali gwedegwede ndinabwerera chambuyo, mnzanga akukuwa kuti basi yomaliza itisiyanso.