Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Funde losaphwasuka

Ntchito yokumba ngalande za faiba (ulusi wagalasi wodutsamo intaneti) ku Parkhurst, ku Joni, inandithyola msana. Mwayi unabwera abwana ataona kuti manja anga sanjenjemera: anandichotsa pa piki n'kundipatsa makina olumikizira ulusi wagalasi uja.

Pa nthawiyo ndinkakhala ku Yeoville ndi Amalawi anzanga. Mmodzi, wa ku Zomba, ankachita fizikisi ku yunivesite ya Wits. Tsiku lina tikudya nsima ndinawafunsa: "Achimwene, kuwala timakutumiza m'faiba kuja kumakafika momwe kwanyamukira?"

Anati ayi. Kachidutswa ka kuwala kamakhala ndi mitundu ingapo yoyandikana, ndipo m'galasi ina imathamanga, ina imatsalira, choncho kamanka nikatambasuka mpaka kulowerera kanzake. Koma kuwala kukakhala kwamphamvu, kumasintha pang'ono galasi lomwe kukudutsamo, ndipo kusinthako kumakapanikiza. Kutambasuka ndi kupanikizika zikalingana ndendende, kachidutswako kamayenda osasintha maonekedwe. Ndiye soliton imeneyo.

Chinandikoka n'choti woyamba kuona zimenezi anali munthu wa m'ngalande ngati ine. Mu 1834, John Scott Russell anaona boti likuima mwadzidzidzi mu ngalande ya madzi ya Union Canal pafupi ndi Edinburgh ku Scotland, funde limodzi n'kupitirira lokha osaphwasuka, iye n'kulilondola pa hatchi. Anthu ophunzira anamukayikira poyamba, koma pambuyo pake akatswiri Korteweg ndi de Vries analemba masamu ake mu 1895. Za m'faiba, Hasegawa ndi Tappert analosera mu 1973, ndipo Mollenauer ndi anzake anaziona ku Bell Labs, malo a kafukufuku ku America, mu 1980.

Achimwenewo mtima wawo unali pa maatomu, tinthu ting'onoting'ono tomwe timapanga zinthu zonse. Ankati ukaziziritsa mpweya wa maatomu kufika pafupi ndi madigiri 273 pansi pa ziro, onse amayamba kuchita zinthu monga funde limodzi, zomwe Cornell ndi Wieman anakwanitsa ku Boulder, ku America, mu 1995. Mu 2002, magulu awiri, la ku Rice University ndi la ku Paris, anasintha mphamvu ya maginito kuti maatomu a lithium azikokana pang'ono, ndipo kagulu kawo kanayenda osamwazika. Apa m'pamene quantum, fizikisi ya tinthu ting'onoting'ono, imalowera: soliton yotere ndi tinthu towerengeka togwirana tokha. Tinthuto tikachepa, kagulu kamatambalala. Tikachuluka mopyola malire, kamadzigwera n'kutha.

"Nanga faiba tikukwirira ifeyi ili ndi soliton?" ndinafunsa. Anaseka. Ya m'makomo mtunda wake ndi waufupi, sifuna zimenezo, ndipo ngakhale makampani a mitunda italiitali ambiri anasankha njira zina zothetsera kutambasukako. Zinandikhumudwitsa pang'ono, ngakhale ndikuona kuti makampaniwo sanalakwe: wamalonda amatsata chotsika mtengo.

Masamu ake ankandipitirira. Nditapempha buku, anandiuza kuti ndiyambe ndabwereza masamu a Fomu 4. Za sukulu ya madzulo ndi ndalama zake, tikumane m'gawo 10.