Tirigu pamene panali kachewere

Lachitatu, Tsangano, Ntcheu

Nkhungu yachedwa kuchoka lero. Pofika kumunda ndapeza malume ayamba kale kusalaza mizere pamene anakumba kachewere sabata yatha. Mvula ikutsazika, ndiye akuthamangira kufesa tirigu nthaka isanaume. Kuno tirigu amakula ndi chinyontho chotsalira, kuzizira ndi mawawa a Chiperoni basi. Ukachedwa, umakolola udzu.

Cha m'ma 9 koloko alangizi adutsa pa njinga yamoto, ndipo ataona khasu likulowa mozama aima.

"Bambo, mukamagalauza chonchi madzi amene mukuwafunawo akuthawa. Onani."

Atapa dothi la pamene malume anatembenuza m'mawa: latuwa kale, likuyoyoka m'manja. Kenako akankha zinyalala pambali pa mzere wosakhudzidwa, pansi pake pali bii, ponyowa, nyongolotsi ikubisala. Akuti kumadzulo kwa Australia, kumene mvula ndi yochepa, alimi ambiri a tirigu anasiya kugalauza. Amabzala m'mapesi a chaka chatha, n'kumasinthanitsa tirigu ndi mbewu za mtundu wa nyemba.

Malume aseka. "Achimwene, kumeneko ali ndi mathirakitala ndi mankhwala opha udzu. Ine mapesi ndikawasiya m'munda, ng'ombe zidya chiyani mu Okutobala? Zikasiya ng'ombe, anyamata a mbewa abwera ndi machesi."

Pamenepa ndili mbali ya malume. Mtayakhasu, ulimi wosagalauzawu, amasungadi chinyontho, koma zaka zoyamba udzu umavuta, ndipo popanda chophimbira nthaka imangouma gwa. Amene alibe ndalama ya mankhwala amalipira ndi msana.

Koma pa kasinthasintha sipanakhale mkangano. Munda wa kumtunda, umene malume anaumiriza kachewere zaka zotsatizana chifukwa mavenda a pa Tsangano Turn-off amagula msanga, tsopano mbewu imangofota ili chiimire. Ukadula mbatatesi mkati muli mzere wabulauni, ikutuluka mafinya. Matenda amenewa amakhala m'nthaka, ndipo tirigu ndi chimanga sawagwira. Ndiye tirigu, ngakhale ndalama yake ndi yochepa, akupumitsa munda. Pambuyo pake nyemba, zija zili ndi timatuza kumizu, zimasiyako chonde, thumba la urea la makilogalamu 50 n'kufika patali.

Ichi n'chimene chimandivuta kuwafotokozera anzanga a m'tauni akamafunsa kuti tirigu ali ndi phindu kapena ayi. Ukawerenga yekha, ndi ntchito yomweta, kupuntha ndi kupeta, ungamusiye. Dziko lathu limaitanitsa kunja pafupifupi tirigu yense wa buledi ndi mandasi, koma wathuyu wogula wodalirika amasowa. Phindu lake limakaonekera pa kachewere wobwera pambuyo.

Madzulo agwirizana zogawa munda: theka agalauze monga mwa kale, theka angokanda timizere tofesamo n'kuphimbira ndi udzu wa m'malire. Udzuwo akuti ndikamwete ndine, mawa m'mamawa, chikwakwa ndikabwereke kwa azakhali.