Masikono ndi makoko a .318

Agogo anga anandisiyira mfuti ya .318 Westley Richards, yopangidwa ku Birmingham. Laisensi ndili nayo, koma zipolopolo zake mungayende Lusaka yense, kuyambira Cairo Road mpaka Kamwala, ogulitsa amangokuyang'anani ngati mwafunsa mtengo wa ngolo ya ng'ombe.

Mdala wina wa ku Makeni, mlenje wakale, ndiye anandionetsa njira yodzipangira makoko a zipolopolo zake. Mumatenga makoko opanda kanthu a .30-06, chipolopolo chija asilikali a ku America anayamba kugwiritsa ntchito mu 1906, omwe sasowa. Mumawapaka mafuta pang'ono, kuwakanikiza mu dayi ya .318 (kachitsulo koumbira makoko), khosi n'kukula kuchoka pa .308 kufika pa .330 ya inchi, kenako n'kudula kamlomo chifukwa khoko la .30-06 ndi lalitaliko. Mafuta akachuluka phewa la khoko limatuluka lokwinyika, akachepa khoko limakanirira mu dayi. Ndipo mdala anabwereza kangapo chala chili m'mwamba: “Mwana wanga, moto ndi wa pakhosi pokha, kuti mkuwa ufewe usang'ambike. Kuthako kuzikhala kolimba. Kukafewa kumeneko, mfuti idzakulavulira kumaso.”

Ndinagwira ntchitoyo mpaka zala kutupa. Makoko atakhala bwino ndinawatsuka ndi sopo, ndipo poti kunali mitambo, ndinawayala m'thireyi n'kuwaika pansi penipeni mu uvuni kuti aume ndi kakutentha pang'ono. Ndisanatembenuze n'komwe batani, magetsi phethi. Ndinatseka chitseko, nkhani n'kuiwalika.

Mukudziwa mmene timakhalira kuno magetsi akamabwera pakati pa usiku. Nyumba yonse imadzuka, wina kusita, wina kutchaja foni. Akazi anga anali ndi masikono a amayi a kutchalitchi oti aphike. Anayatsa uvuni mpaka kumapeto, n'kuponya mathireyi awo pamwamba, maso ali ndi tulo. Ine mkonono uli pakamwa.

M'mawa ndinamva, “Bambo, tabwerani muone ndiwo zanu zapsa.”

Makoko anga anali atasintha mtundu kuyambira kukhosi mpaka kuthako, ena ofiirira, ena obiriwira, limodzi litamatidwa ndi mtanda womwe unadontha. Ndinafunsa mwaulemu ngati munthu sayamba wasuzumira mu uvuni asanayatse.

“Chiyambireni ukwati wathu munayamba mwaikamo chiyani inu mu uvuni umu? Ndikanasuzumira kufuna ndani?”

Apongozi, omwe anabwera kuchokera ku Chipata kudzationa, anatola limodzi, kulinunkhiza, n'kufunsa ngati zinali ndi wonga. Nditawauza kuti ayi, anati, “Ndiye mukulirira chiyani, apongozi? Zikanakhala nawo bwenzi tikulira ndife.”

Ndinathamangira nawo ku Makeni, mwina angapulumuke. Mdala sananene zambiri. Anakanda khoko limodzi ndi chikhadabo, kupukusa mutu, n'kunditambasulira hamala kuti ndiwaphwanye onse ndekha, kuopa kuti wina angadzawatole. Ndinakhala pa njerwa ndikuphwanya limodzilimodzi, iye akumwa tiyi ndi sikono lomwe akazi anga anamutumizira, akuliyamikira kuti lapsa bwino.

Mkuwa wophwanyikawo ndinakagulitsa kwa anyamata ogula zitsulo zakale. Ndalama zake sizinalowe n'komwe m'thumba. Akazi anga anazilandira pakhomo, ati ndi za thireyi yawo yomwe yayamba kununkha mfuti.